MAU A PA MSONKHANO: ZA CHILOLEZO CHA KUMANGA NDI NJIRA YA MADZI M'MZINDA WA BLANTYRE



Tipempha kuti mutilole kuima pamaso panu ndi kunena mau pa nkhani imene munatipatsa pa msonkhano wapita, ndiyo ya chilolezo chimene Khonsolo ya mzinda ifuna kwa munthu asanayambe kumanga, ndi zimene a Bodi ya Madzi afuna asanafikitse mpope pakhomo pache. Ife sitiri akatswiri a malamulo kapena amisiri a mipope. Tiri alembi chabe, amene nchito yathu ndiyo kuwerenga makalata ndi kuwasunga. Koma popeza munatituma, tabwera nazo zimene tapeza, ndimo akulu adzapeta okha, nasiyanitsa mphale ndi gaga.

Anthu ambiri ayesa kuti pali nkhani ziwiri: yoyamba ya pepala la Khonsolo, limene munthu angathe kulizemba ngati ali wochenjera, yachiwiri ya madzi, imene adzaiona pambuyo, denga litakwera. Ife tinena kuti nkhani ndi imodzi. Tinenanso kuti mlandu wache suweruzidwa mu ofesi, koma kumunda, tsiku lija mwini nthaka ndi wogula aponda malire a puloti, njerwa ingakhale imodzi isanaumbidwe. Chifukwa chache tayesa kuti mau awa ayenera makamaka makutu a Mafumu.

Tiyambe ndi kukumbutsana kumene madzi a mzinda uno achokera, pakuti munthu amene sadziwa ichi sangamve chifukwa chache Bodi iumirira pa zinthu zina.

Pamene a Mishoni ya Church of Scotland anafika m'chaka cha 1876, nakhala m'dziko la Mfumu Kapeni, madzi sanali mlandu. Mudi, Naperi ndi Nasolo inali mitsinje yokwanira anthu owerengeka a masiku aja. Khonsolo ya tauni inakhazikika m'zaka za m'ma 1890. Bodi ya Madzi ya Blantyre inayamba mu 1929. Limbe anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Koma pa kalembera wa 2018 anapeza kuti m'mzindamu muli anthu ngati 800,000, ndimo mitsinje iri yomweyo, yocheperanso kuposa kale. Damu la Mudi, limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, lipereka gawo laling'ono lokha la madzi amene mzinda ukumwa. Gawo lalikulu lichokera ku Shire, pa malo otchedwa Walker's Ferry, pamene makina anayamba kupopa mu 1963.

Taonani tsono kulemera kwa nchito imeneyo. Kuchokera ku Walker's Ferry kufika kuno ndi ulendo wa makilomita ngati 40, ndiwo mamailosi 25, ndimo ulendo wonsewo ndi chitunda. Madziwo akwera mamita ngati 800, ndiko kunena mapazi oposa 2,600. Apopedwa kumtsinje, napopedwanso ku Chileka, asanafike m'mathanki a mzinda. Amai ali muno adziwa kuti ndowa ya malita 20 ilemera makilogalamu 20, pakuti makosi ao ndiwo sikelo. Ndowa iri yonse yotungidwa pa mpopi ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, ngati madzi ache ndi a ku Shire, yasenzedwa kale ndi magetsi phiri lonselo. Ndimo mtengo wa magetsiwo ndiwo udya gawo lalikulu la ndalama zimene Bodi itolera. Mu 2019 anaonjezera madzi a mtsinje wa Likhubula wa ku Mulanje, amene ayeretsedwa ku Nguludi. Athandiza ndithu, koma Shire akadali mai wa mzinda.

Madzi akafika, asungidwa m'mathanki omangidwa pa malo okwera, ndimo kuchokera m'menemo atsika okha kupita m'nyumba, monga madzi onse achita. Pamenepa pali mfundo ziwiri zimene sizisintha, angakhale munthu adziwane ndi mkulu wotani. Yoyamba: nyumba yomangidwa pamwamba kuposa thanki ya dera lache silandira madzi, ndimo yoyandikira msinkhu wa thankiyo nthawi zina iwalandira pakati pa usiku pokha, anthu akunsi atatseka mipopi yao. Yachiwiri: mpope waukulu ufuna njira. Suuluka ngati waya wa magetsi. Ukwiriridwa pansi, kawirikawiri m'mbali mwa msewu, pa malo pamene antchito angathe kukumba tsiku umene waphulika, osagwetsa khoma la munthu. Pamene palibe msewu, palibenso pogona mpope.

Tsopano tibwere ku chilolezo. Lamulo limene liri kugwira nchito ndilo lotchedwa Physical Planning Act, la chaka cha 2016, limene linalowa m'malo mwa lija la 1988. Ndimo lijalo linalowa m'malo mwa la Atsamunda la 1948. Chachilendo m'lamulo la 2016 ndi ichi, kuti dziko lonse la Malawi liwerengedwa malo oyenera kukonzedwa ndi pulani, si matauni okha monga kale. M'kati mwa mzinda, munthu asanakumbe maziko ayenera kupita ku Khonsolo ndi kalata yoonetsa kuti malowo ndi ache, monga lizi kapena kalata ya amene anampatsa puloti mwalamulo. Ndi pulani ya nyumba yojambulidwa ndi munthu wodziwa nchitoyo. Ndi chojambula china choonetsa pamene nyumbayo idzaima m'pulotimo, kutalika kwache kuchokera ku msewu ndi ku malire a anansi, pamene padzakhala chimbudzi kapena dzenje la zonyansa, ndi kumene madzi a mvula adzalowera. Alipira ndalama ya kuyesera pulaniyo, nadikira yankho.

Abale ena anena kuti zonsezi ndi njira yodyera ndalama za anthu. Koma tiyang'ane amene aona pepalalo. Silionedwa ndi kalaliki mmodzi iai. Lipita kwa a zaumoyo, a misewu, a zozimitsa moto, ndi kwa eni mipope ndi mawaya. Wa madzi afunsa mafunso atatu amene mwini nyumba sangathe kudziyankha yekha: kodi pafupi pali mpope waukulu, kodi kukula kwache kukwanira nyumba zimene ziripo kale pamodzi ndi yatsopanoyi, ndimo kodi maziko sadzakhala pamwamba pa mpope umene uli kale pansi, wosaoneka ndi maso. Funso lachitatuli ndilo lipulumutsa anthu ambiri. Mpope waukulu ukaphulika pansi pa nyumba, madzi ache akumba nthaka, maziko nalendewera. Ndimo Bodi iri ndi mphamvu ya lamulo kufika pa mpope wache. Chotero pepala limene tiliyesa mdani ndilo mpata wokha umene munthu ali nao wakumva zimene ziri pansi pa nthaka yache asanatayepo chuma.

Chilolezo chikatuluka, nchito siinathe. Woyendera wa Khonsolo ayenera kuona maziko asanakwiriridwe, ndi kuonanso nyumba ikatha, kuti apereke kalata yolola anthu kulowamo. Wofuna kusandutsa nyumba yogona kukhala sukulu, malo ogona alendo kapena sitolo ayenera kupemphanso, pakuti nyumba ya anthu asanu ndi sukulu ya ana 300 sizimwa madzi ofanana, ndimo sizidzaza chimbudzi mofanana. Nchito zazikulu, monga fakitale kapena kugawa munda waukulu kukhala mapuloti ambiri, zifunanso kuyesedwa pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Ndimo amene anena mumtima mwache, Ine sindifuna Bodi, ndidzakumba mjigo wanga, adziwe kuti lamulo la madzi la 2013 linaika madzi a pansi pa nthaka m'manja mwa bungwe la Boma lotchedwa National Water Resources Authority, ndimo mjigo nao uli ndi chilolezo chache. Womanga wopanda chilolezo angathe kulandira kalata yomletsa, ndi pambuyo pache kalata yomlamula kugwetsa. Lamulo limpatsa njira ya apilo, koma apilo sabweza simenti imene yauma kale.

Za kupempha mpope wa pakhomo tinena mwachidule, pakuti ambiri muzidziwa. Munthu alemba fomu, naonetsa chiphaso chache ndi umboni wa malo. A Bodi abwera kudzayesa mtunda kuchokera pa mpope wao. Mtengo utsata mtundawo. Mita ndiyo malire: kuseri kwache mpope ndi wa Bodi, kuno kwache ndi wa mwini nyumba, ndimo madzi otayika kuno kwa mita alipira ndiye. Kudzilumikizira usiku ndi mlandu pa lamulo la 1995, limene linakhazikitsa Mabodi asanu a dziko lino, ndiwo a Blantyre, a Lilongwe, a Kumpoto, a Pakati ndi a Kumwera.

Mafumu athu, tafika tsopano pa mau olemera, ndimo tiwanena ndi ulemu, podziwa kuti mwana saweruza atate wache.

Lamulo la Mafumu la 1967 linena kuti Mfumu siigwira ulamuliro wache m'kati mwa malire a mzinda pokhapokha Khonsolo italola ndi kalata. Umo ndimo muli pa pepala. Koma tonse tidziwa umo ziriri pansi. Mzinda unapeza midzi iri kale pamalo pache, nuimeza. Ndimo kufikira lero anthu ochuluka a m'Blantyre, oposa theka, akhala m'malo amene sanayesedwe ndi pulani, monga mbali zazikulu za Ndirande, Mbayani, Bangwe, Chirimba ndi Chilobwe. Munthu wofika kumene, wofuna pomanga, sayamba ku Khonsolo. Ayamba kwa mwini munda, ndi kwa Nyakwawa imene ichitira umboni. Ndimo kunja kwa malire, m'dziko la Kapeni, la Machinjiri ndi la Somba, cha ku Lunzu, ku Chileka ndi ku Mpemba, kumene mzinda ulikutambalalira zaka zino, nthaka yambiri ikali ya makolo. Kumeneko lamulo la malo a makolo la 2016 linakonza kuti pakhale makomiti a malo, wapampando wache Gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena oposa akhale akazi. Kotero mzinda wa mawa ulikujambulidwa lero, si ndi pensulo ya Khonsolo, koma ndi mapazi a Nyakwawa.

Nanga chichitika nchiani tsiku logawa? Mwini munda afuna ndalama ya phazi liri lonse. Agulitsa puloti ya kuno, nagulitsa ya uko, malire kukhudzana ndi malire, nasiya kanjira kamene njinga ipita movutika. Wogula naye akondwa, namanga mpanda kufikira pa chikhomo chenicheni. Chaka choyamba palibe wodandaula, pakuti pali chitsime kudambo ndi nyumba zisanu zokha. Zikapita zaka khumi nyumba ziri 200, chitsime chazingidwa ndi zimbudzi, ndimo anthu atumiza nthumwi ku Bodi kukapempha madzi. A Bodi abwera, nayang'ana, napeza kuti mpope waukulu ulibe podutsa koma atagwetsa nyumba. Akulu anati mmera mpoyamba, ndimo apa mauwo akwanira ndithu.

Chimene chitsatira mwachiona ndi maso anu. Popeza mpope waukulu waima kumsewu, munthu ali yense wa ndalama pang'ono akoka kampope kache kakang'ono, mtunda wautali, kokhotakhota pakati pa mipanda, kosakwiririka bwino, kodutsa m'ngalande ndi kuseri kwa zimbudzi za anansi. Timipope totere tipondedwa, titetemuka ndi dzuwa, tidulidwa ndi khasu. Madzi afika ofooka, pakuti mpope wopyapyala ndi wautali udya mphamvu yao. Koma choopsa chenicheni ndi china, ndimo tipempha kuti muchimvetse bwino. Pamene mpope uli wodzaza, madzi atuluka pa mng'alu kupita kunja, ndimo kutayika kuli kwa ndalama kokha. Koma tsiku limene madzi asiya, monga achita magetsi akazima kapena makina akaima, mpope wopanda kanthu uyamwa chimene chiri kunja kwache. Ngati wagona m'thope la ngalande, uyamwa thopelo. Ndimo madzi akabwerera, ndowa yoyamba ibweretsa zonsezo pakhomo. Chifukwa chache a mapulani afuna kudziwa pamene chimbudzi chidzakhala, ndi a zaumoyo alangiza kuti pakati pa chimbudzi cha dzenje ndi chitsime pakhale mamita 30. Pa puloti ya mapazi owerengeka, yozingidwa ndi zinzache zotero, mamita 30 achokera kuti?

Osauka, amene sangathe ngakhale kampope kotere, atunga pa kiyosiki, kapena agula kwa mnansi wa mpopi pa mtengo umene mnansiyo afuna. Kiyosiki ndi chinthu chabwino, ndimo tiyamika magulu a anthu amene aziyendetsa; koma mkazi amene adzuka tambala asanalire kukaima pa mzere alikulipira ndi tulo tache msewu umene sunasiyidwe zaka khumi zapitazo.

Tisayese kuti izi ndi zoopseza chabe. Mu July 2017, ku Area 18 m'mzinda wa Lilongwe, zonyansa za mu mpope wa suweji wophulika zinalowa mu mpope wa madzi akumwa, nizituluka pa mipopi ya m'nyumba za anthu, ndimo nkhaniyo inafika ku bwalo la milandu. Kumeneko ndi malo oyesedwa ndi pulani, a misewu yache. Ngati zinatheka kumeneko, nanga kwathu kumene mpope ndi chimbudzi zigonera limodzi? Kolera imene inayamba mu March 2022 niipitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, yoposa ina iri yonse m'mbiri yathu. Ndimo mu January 2023 sukulu za m'Blantyre ndi m'Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo.

Ndimo za phiri la Soche tinena ndi mitima yosweka, pakuti muno muli ena amene anaika abale ao. Mu March 2023, pa mvula ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phirimo nizikwirira nyumba za ku Chilobwe ndi madera oyandikana. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndi ena mazana sanapezeke. Makolo anali ndi dzina la chinthu chotere, anati Napolo, ndimo anadziwa njira zache, nazilambalala pomanga. Sitiweruza amene anamanga pamenepo. Munthu sakwera phiri ndi banja lache chifukwa cha kukonda miyala, koma chifukwa pansi panalibe malo amene akanatha kugula. Koma malo ali onse aja analipo amene anawaloza, ndi amene anachitira umboni. Zindikirani ichinso, kuti malo omwewo amene pulani iwakana chifukwa cha kutsetsereka ndiwo amene thanki siwafikira. Pamene madzi a mpope akana kukwera, pamenepo pali chenjezo.

Phiri la Ndirande litiphunzitsa mbali ina. Nkhalango yache ndiyo inasunga madzi a damu la Mudi. Mitengo itatha m'zaka za m'ma 1990, minda ndi nyumba zitakwera, dothi linayamba kutsikira m'damu. Ndimo malo amene dothi lakhala, madzi sakhalapo. Wolima pamwamba sanaba mpope wa munthu, koma anachepetsa ndowa ya mzinda wonse.

Tsono wina adzati, Alembi awa agulidwa ndi Khonsolo. Iai, abale, mtolo uli ndi nsonga ziwiri, ndimo yinayo tiigwiranso.

Kusakhulupirira kwa anthu athu kuli ndi muzu wache. M'masiku a Atsamunda malamulo a tauni anali mpanda. Nyumba za njerwa, misewu ndi mipope zinali za Azungu ndi Amwenye, ndimo anthu akuda amene anagwira nchito m'tauni anagona m'midzi ya m'mphepete, natunga kumtsinje. Malo oyesedwa a anthu wamba, kumene munthu apatsidwa puloti namanga monga angathe, anayamba mochedwa, m'zaka za m'ma 1950. Bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation linadza mu 1964. Ndimo mapuloti otere sanakwanire konse khamu limene linalikufika. Agogo athu anaphunzira kuti pepala la tauni ndi chinthu chothamangitsira munthu wakuda, naphunzitsa ana ao chomwecho. Lero malamulo apangidwa ndi Nyumba ya Malamulo yathu, ndimo makhansala tisankha tokha. Koma mantha a zaka zambiri satha ndi kusintha mbendera.

Ndimo zovuta zina zikalipo. Mamembala atiuza kuti mtengo wa kujambulitsa pulani ulingana ndi mtengo wa malata a nyumba yaing'ono, kotero kuti wosauka asankha malata. Atiuza kuti nthaka ya m'mzinda iri ndi eni ambiri, ina ya Unduna wa Malo, ina ya Khonsolo, ina ya bungwe la nyumba, ina ya makampani, ndimo munthu wamba atha nsapato asanadziwe khomo loyenera kugogoda. Atiuza kuti yankho lichedwa, ndimo njerwa zosaotcha sizidikira mvula. Ife tionjeza ichi: lamulo limene liona nyumba irikukwera kuyambira pa maziko, nilikhala chete, ndi kubwera ndi chigumula denga litatha, lataya theka la chilungamo chache. Kuletsa kuyenera kufika tsiku la kukumba. Ndimo lamulo likhale ndi maso amodzi kwa onse. Wosauka akaona nyumba yosanja iri chiimire m'mbali mwa mtsinje pamene kanyumba kache kagwetsedwa, simudzamphunzitsanso ulemu wa pulani.

Chotero tiika pamaso pa msonkhano zimene tiyesa kuti Bungwe lathu lingathe kuchita, ndimo tiyamba ndi chimene chiri m'manja mwathu, chosafuna ndalama ya Boma kapena ya mlendo.

Tipempha Mafumu kuti agwirizane pa mau amodzi, nawauze Magulupu ndi Nyakwawa zao: kuti palibe kuchitira umboni kugawa kwa munda kukhala mapuloti, kufikira mwini munda atayamba wasiya njira yoti galimoto lalikulu lipite, yolumikizana ndi njira ya munda woyandikana nao, ndi kuikhomera zikhomo anthu akuona. Tibwereza mau akuti yolumikizana, pakuti msewu wothera pa khoma la mnansi uli ngati mpini wopanda khasu. Mwini munda adzadandaula kuti pa mapuloti 20 wataya awiri. Mumuuze kuti puloti ya pa msewu igulidwa mtengo woposa ya kuseri, ndi kuti 18 otsalawo adzabweza. Njira yomweyo idzapitamo mpope, ndi mtengo wa magetsi, ndi galimoto la odwala, ndi la maliro. Pa midzi ikuluikulu pasiyidwenso kamalo ka kiyosiki, ndimo kalembedwe m'buku la mudzi kuti mdzukulu asadzakagulitse. Ndimo pa matsitso a mapiri, m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, Mfumu ikane ndithu, angakhale wopemphayo abwere ndi nkhuku yonenepa. Kukana kotere nkowawa, makamaka pokana mwana wa m'mudzi momwemo. Koma Nyakwawa imodzi siingathe kukana yokha ngati ya tsidya lina ilola, ndicho chifukwa tipempha kuti mau achokere kumwamba ndi kukhala amodzi.

Kwa Khonsolo tiyesa kuti tilembe kalata yopempha zinthu izi: kuti ikonze mapulani angapo a nyumba zazing'ono, ovomerezeka kale, amene munthu angagule pa mtengo wochepa osafuna wojambula, kuti ikhome poyera, m'Chinyanja, mndandanda wa zofunika, ndalama zache ndi masiku amene yankho liyenera kutuluka, pakuti pamene mtengo subisika, wapakati alibe podyera, ndi kuti woyesa malo wache, pamodzi ndi wa Khonsolo ya boma la Blantyre kumene nthaka iri kunja kwa malire, abwere pamene Mfumu yaitana, kudzathandiza kuloza njira minda isanagawidwe.

Kwa Bodi pempho lathu ndi limodzi, koma tiliyesa lalikulu koposa. Ipatse Mfumu iri yonse ya m'mphepete mwa mzinda mapu oonetsa pamene mipope yache yaikulu yagona, pamene iganiza kudzaika ina, ndi msinkhu umene madzi a thanki iri yonse alekeza. Msinkhu umenewo ukhomeredwe zizindikiro pa phiri penipeni, zopaka utoto, kuti wogula malo aone ndi maso ache kuti kumtunda kwa apa mpopi sudzatuluka madzi. Nyakwawa siingasunge njira ya mpope umene siidziwa pamene uli.

Ndimo ife mamembala, amene ambiri a ife tirikusunga ndalama ya puloti, tisapereke khobiri tisanayende ndi mapazi athu kuchokera pa malowo kufikira pa mpope waukulu wapafupi, ndi kuwerenga mipanda imene iri pakati.

Wapampando, ngati msonkhano uvomera, tipempha kuti pa kukumana kwathu kotsatira Mfumu iri yonse ibwere ndi maina a midzi yache kumene minda irikugawidwa tsopano, ndi kutiuza kumene njira ikali yotheka kusiyidwa ndi kumene yatsekeka kale, kuti kalata ya ku Khonsolo ndi ya ku Bodi zipite ndi maina a malo enieni. Tipemphanso anthu atatu, mmodzi mwa iwo akhale mai wotunga pa kiyosiki, kuti atithandize kulemba makalatawo asanafike kwa Mafumu kudzasainidwa.